Insulini ndi kasamalidwe ka shuga m'magazi kumwera kwa Niassa

Matenda a shuga odalira insulini ndi matenda amene kapamba wa munthu amaleka kupanga insulini, madzi a m'thupi amene amatsegulira shuga njira yochoka m'magazi n'kulowa m'minofu. Madokotala amawatcha shuga wa mtundu woyamba. Kawirikawiri amayamba munthu ali mwana kapena wachinyamata, ndipo mapiritsi sathandiza. Wodwalayo amayenera kudzibaya jakisoni tsiku lililonse moyo wake wonse. Enanso odwala shuga wa mtundu wachiwiri amafika posowa insulini pakapita zaka. Mankhwalawa anatulukiridwa ku Toronto mu 1921 ndi Frederick Banting ndi Charles Best, ndipo woyamba kubayidwa anali mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, mu Januwale 1922.

Ku Mozambique kafukufuku wa dziko lonse anapeza kuti akuluakulu odwala shuga anachoka pa 2.9 peresenti mu 2005 kufika pa 7.4 peresenti mu 2015. Za ana n'zomvetsa chisoni kwambiri. Ofufuza a bungwe la International Insulin Foundation analemba mu 2005 kuti mwana wa kumudzi m'dzikoli akayamba matendawa ankangokhala ndi moyo miyezi ngati isanu ndi iwiri. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti matendawa sazindikirika msanga. Mwana akamamwa madzi osatha ludzu, kukodza pafupipafupi mpaka nyerere kuunjikana pamkodzo, kuwonda, kenako kusanza ndi kupuma mwabefu, anthu amafulumira kuganiza za malungo kapena za ufiti, pamene dontho limodzi la magazi a pachala likadaulula zonse.

M'maboma a Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, kumwera kwa Niassa, odwala kwambiri amatumizidwa ku zipatala zikuluzikulu za ku Cuamba, Lichinga kapena Nampula. Kuchoka ku Mandimba kufika ku Cuamba ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 150. Kutalika kumeneku kumatanthauza kuti ntchito yaikulu yosamala shuga imachitikira pakhomo, m'manja mwa wodwala ndi abale ake.

Ntchitoyo ndi yolinganiza zinthu zitatu: insulini, chakudya, ndi mphamvu zimene thupi lawononga. Munthu asanadye, shuga amafunika kukhala pakati pa 4 ndi 7 mmol/L. Nsima, chinangwa, mpunga, thobwa, nzimbe ndi mango zimamukweza. Kulima ndi kupalasa njinga kumamutsitsa. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, makamaka ndiwo zikakhala nyemba, nandolo, masamba kapena usipa, komabe chimene chimavutitsa kwambiri ndi kuchuluka kwa mitanda ndiponso nthawi yodyera. Insulini yotchedwa NPH, yooneka ngati mkaka, imagwira ntchito maola ambiri, ndipo siyembekeza kuti pamoto pakhale mphika. Mlimi amene wadzibaya m'mawa n'kulawirira kumunda wosadya kanthu, ali pangozi pofika masana. Vutoli limakula m'miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, pamene khasu lili pachimake koma nkhokwe zauma. Ayao ambiri a ku Mandimba ndi Ngauma ndi Asilamu, choncho ndi bwino kukumbukira kuti Chisilamu chimalola wodwala kusasala kudya m'mwezi wa Ramadani, ndipo madokotala amalangiza odwala mtundu woyamba kuti asasale popanda kuonana nawo.

Shuga akatsika kupitirira 3.9 mmol/L munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, amachita chizungulire, mwinanso kulankhula zosokonekera ngati woledzera. Amwe mwamsanga madzi osungunulamo masupuni ang'onoang'ono atatu kapena anayi a shuga, kenako adye chakudya. Akakomoka asamwetsedwe kanthu, kuopa kuti angatsamwe. Amugoneke cham'mbali n'kuthamangira naye kuchipatala. Palinso ngozi ina yosiyana ndi imeneyi. Wodwala akagwidwa ndi malungo n'kulephera kudya, abale amaganiza kuti jakisoni ayambe waima. Kumeneko n'kulakwa koopsa, chifukwa thupi lodwala limafunabe insulini, nthawi zina yochulukirapo, ndipo ikasowa magazi amadzaza asidi.

Kasungidwe kamadetsa nkhawa mabanja opanda firiji. Botolo losatsegula limafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8. Koma mu 2021 bungwe la Médecins Sans Frontières pamodzi ndi University of Geneva linasonyeza, potengera nyengo ya kumsasa wa othawa nkhondo wa Dagahaley ku Kenya, kuti botolo limene layamba kugwiritsidwa ntchito silitha mphamvu kwa milungu inayi ngakhale kutentha kukusinthasintha pakati pa madigiri 25 ndi 37. Imeneyi ndi nkhani yolimbikitsa kwa munthu wa ku Cuamba m'chilimwe cha Okutobala. Botolo likhoza kuikidwa m'kamphika kadothi, kamphikako n'kukakhazika mumtsuko wa mchenga wonyowa, pamthunzi podutsa mphepo. Pobaya, malo azisinthidwa pamimba ndi pantchafu, popeza kubaya pamodzimodzi kumayambitsa zotupa zolimba zimene zimachedwetsa mankhwala kulowa m'magazi.