Mkangano wa Mtambo wa m'Akamwiniatsatana

M'miyezi ya dzinja, thambo likayera usiku, nyenyezi zitatu za Akamwiniatsatana zioneka pamwamba. Pafupi nazo pali kamzere ka nyenyezi zazing'ono, ndipo ya pakati pace siwala ngati zinzace; ikhala ngati kadontho ka utsi. Azungu akachula Orion Nebula. Mfalansa wina dzina lace Peiresc ndiye anayamba kukaona ndi galasi loonera kutali m'caka ca 1610, ndipo pambuyo pace anthu ophunzira anatsutsana nthawi yaitali: kodi ndi mtambo weniweni, kapena khamu la nyenyezi zakutali zosaoneka payokhapayokha?

William Herschel wa ku England poyamba anayesa kuti mitambo yotere ndi nyenyezi cabe. Koma pofika 1791 anasintha maganizo, nati ina ndi cinthu cowala cimene cikaundana cibala nyenyezi. Mau ace anagwa mphwayi pamene Lord Rosse anamanga galasi lalikulu ku Birr, m'dziko la Ireland, m'caka ca 1845. Kalilole wace anali wa mafiti 6 m'mimba mwace, ndipo mu 1846 Rosse analengeza kuti mtambo wa Orion wapatukana kukhala nyenyezi. Ambiri anabvomereza, pakuti ndani akanatsutsa mwini galasi loposa onse?

Wothetsa mlandu anali William Huggins, amene galasi lace la ku London linali la mainchi 8 okha. Mu August 1864 anapatula kuwala kwa mtambo wina wa m'gulu la Draco monga mvula ipatula dzuwa kukhala utawaleza. Nyenyezi zikanapereka utawaleza wathunthu. Iye anaona timizere towala towerengeka, cizindikiro ca mpweya wotentha. Posakhalitsa Orion anaonetsa zomwezo. Timizere tobiriwira tinazunguza akatswiri kufikira 1927, pamene Ira Bowen anaonetsa kuti ticokera ku oksijeni.

Rosse sananame konse, cifukwa nyenyezi zilimodi. Koma zinabadwira momwemo, ndipo zazikulu zinai za pakati ndizo ziwalitsa mpweyawo. Mu 1967 Becklin ndi Neugebauer anapezanso ina yaing'ono msinkhu, yobisika m'fumbi kuseri kwa mtambowo. Koma mtambo wa Draco uja, umene Huggins anayambira, suli cibadwiro ai: ndi mpweya umene nyenyezi yokalamba inataya poyandikira imfa yace.