Kugalukira kwa Asilikali a ku Tanganyika ndi Lamulo la 1966

Pamene dziko la Tanganyika linalandira ufulu wodzilamulira pa 9 Disembala 1961, linalandiranso gulu la asilikali lotchedwa Tanganyika Rifles. Gululi linali mphukira ya King's African Rifles, ndiyo Keyala imene makolo athu ankalowa ku Zomba. Mbendera inasinthadi, koma m'misasa ya asilikali zinthu zinatsala monga kale, pakuti akuluakulu ambiri olamula anali Angerezi, malipiro anali ochepa, ndipo mwambo woweruzira msilikali wolakwa unali womwe uja wa nthawi ya atsamunda.

Tsono pa 20 Januwale 1964 asilikali a pa msasa wa Colito ku Dar es Salaam anagalukira akuluakulu awo, nawatsekera, nalanda malo ofunika a mumzindamo. Zimene anafuna zinali ziwiri: kuti malipiro akwere, ndi kuti Angerezi olamula achoke. Pulezidenti Julius Nyerere anabisala, ndipo nduna yake Oscar Kambona ndiye amene analankhula nawo. M'sabata lomwelo moto unalumphira ku Jinja m'dziko la Uganda ndi ku Lanet m'dziko la Kenya.

Poona kuti zinthu zafika poipa, Nyerere anapempha thandizo kwa Angerezi omwe aja. Pa 25 Januwale asilikali awo anatsika m'sitima yankhondo yotchedwa Centaur, nalanda mfuti za ogalukirawo. Ichi chinamchititsa manyazi Nyerere, chotero m'mwezi wa Febuluwale anaitana nduna za maiko a mu Africa ku msonkhano, ndipo anapangana kuti asilikali a ku Nigeria alowe m'malo mwa Angerezi. Atsogoleri a chipolowecho anazengedwa mlandu, ndipo Sajeni Francis Hingo Ilogi analamulidwa kukhala m'ndende zaka 15.

Koma boma linazindikira kuti chilango chokha sichikanachiza nthendayo. Dzikolo litaphatikana ndi Zanzibar pa 26 Epulo 1964, gulu latsopano lankhondo linakhazikitsidwa pa 1 Sepitembala, mtsogoleri wake ali Mirisho Sarakikya, mwana wa m'dziko momwemo. Anyamata ambiri anatengedwa ku nthambi ya achinyamata ya chipani cha TANU. Ndipo posafuna kutsamira bwenzi limodzi, boma linalandira aphunzitsi ankhondo a ku China ndi a ku Canada. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa: anthu a ku Canada, amene anakhalako kuyambira 1965 kufikira 1970, anathandiza kulemba lamulo latsopano la chitetezo cha dziko, limene Nyumba ya Malamulo ya Tanzania inavomereza m'chaka cha 1966.

Lamuloli linatchula milandu ya usilikali mmodzi ndi mmodzi pamodzi ndi chilango chake, linafotokoza za mabwalo oweruza asilikali, ndipo linaika bwalo lina kumene wogamulidwa angakadandaule ngati aona kuti mlandu wake sunayende bwino. Motero msilikali wamba anadziwa pomlakwira ndi pothawira, ndipo wolamula anadziwa polekezera mphamvu yake. Kunena zoona, ntchitoyi inali ndi chilema chake, popeza asilikali anamangiriridwa ku chipani chimodzi kufikira 1992, pamene zipani zambiri zinaloledwa. Komabe kuyambira nthawi imeneyo kufikira lero asilikali sanalandepo boma la Tanzania, pamene ku Uganda Idi Amin anatero m'chaka cha 1971.

Inu amene mudzaphunzitsa mbiri imeneyi, musalekere pa kutchula zaka zokha. Afunseni ana kuti: kodi nchiyani chinathetsa vutolo, mfuti za alendo za pa 25 Januwale, kapena lamulo la 1966? Alekeni atsutsane, kenaka muwaonetse kuti mfutizo zinagwira ntchito ya tsiku limodzi, koma lamulo ndilo linapatsa wodandaula bwalo lokanenerako. Ndipo podzaweruza ana olakwa pa sukulu panu, mudzakumbukire kuyamba mwamva mawu awo.