6 July, Tsiku Lomwe Linabadwira pa Chileka

Adzukulu anga, inu mumalidziwa tsiku la 6 July chifukwa cha asilikali oguba, magule ndi mpira wa pa wailesi. Koma tsikuli linabadwira kwathu kuno, pa bwalo la ndege la Chileka, m'chaka cha 1958, dziko lino likadatchedwa Nyasaland.

Masiku amenewo mitima inali yowawa. Mu 1953 Angerezi anatilowetsa m'Chitaganya pamodzi ndi Southern Rhodesia ndi Northern Rhodesia, mafumu ndi anthu awo atakana poyera. Abale athu opita kukagwira ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo ankabwera ndi nkhani za zitupa ndi tsankho, ndipo tinkaopa kuti nkhanza zimenezo zifika pakhomo pathu. Kumunda nako kunali malimidwe: munthu ankalipitsidwa chindapusa, mwinanso kumangidwa, chifukwa cha mizere yosatsata lamulo la boma. M'maesiteti munali thangata.

Anyamata a Nyasaland African Congress, monga Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, anaona kuti pakufunika munthu wachikulire amene mafumu angamumvere. Ndiwo anaitana Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu amene anachoka kwawo ali mnyamata, nakaphunzira ku America ndi ku Scotland, nakachiza anthu ku London ndi ku Kumasi m'dziko la Ghana. Anali atatha zaka zoposa 40 asanaponde dothi la kwawo.

Pa 29 June khamu linasonkhana pa Chileka, koma ndege inatera iye mulibe, ndipo anthu anabwerera mokwiya. Sanagwe mphwayi. Lamulungu lotsatira, pa 6 July, ananyamukanso. A ku Lirangwe anadzuka tambala woyamba, kuzizira kwa July kukuluma zala, mbatata yophika atamanga m'kansalu. M'njira anakumana ndi a ku Matindi ndi a ku Lunzu, ena pa njinga, ambiri wapansi, amayi ana ali kumbuyo. A kwa Kuntaja ndi kwa Kunthembwe anatulukira mbali yawo. Ambiri mwa iwo anali asanaonepo nkhope ya munthu amene ankamuchingamirayo.

Chitseko cha ndege chitatseguka panatuluka bambo wamfupi, wovala suti ndi chipewa. Nthungululu zinalira, mfuu ya "Kwacha!" inamveka bwalo lonse. Atayamba kulankhula, analankhula Chingerezi, wina nkumamasulira, pakuti chinenero cha kwawo chinali chitamuthawa pakamwa. Anthu sanakhumudwe nazo. Chimene anadzera chinali kumva munthu akukana Chitaganya pamaso pa azungu popanda mantha.

Bwalo lomwelo linaonanso zowawa. Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage atalamula kuti atsogoleri a Congress agwidwe, Dr Banda anamutenga mbandakucha kunyumba kwake ku Limbe, namukweza ndege pa Chileka kupita kundende ya Gwelo. Anatuluka pa 1 April 1960. Chitaganya chinatha pa 31 December 1963.

Posankha tsiku la ufulu, anasankha tsiku la Chileka lija. Usiku wa pa 5 kuchera pa 6 July 1964, pa bwalo la zamasewero la ku Chichiri, Prince Philip akuonerera, mbendera ya Angerezi inatsika ndipo inakwera yathu, yakuda, yofiira ndi yobiriwira, ya dzuwa lotuluka. Pa 6 July 1966 Malawi anakhala Republic, Dr Banda nakhala Pulezidenti woyamba.

Pano mverani bwino, chifukwa mbiri yosimba zokoma zokha siphunzitsa mwana. Patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu, nduna zinasemphana ndi Dr Banda. Chipembere ndi Chiume, omwe anamuitana aja, anathawa m'dziko muno. Chipembere anamwalira ku America mu 1975 osaonanso kwawo. Pa 6 July 1971 Dr Banda analumbira kukhala Pulezidenti wamuyaya. Zitatero, mayi wa ku Lirangwe amene anayenda wapansi kukamulandira sankaloledwa kulowa mumsika ndi dengu lake la tomato ngati alibe khadi la chipani. Anyamata a Youth League ankaima pachipata, ndipo munthu ankayamba wayang'ana kumbuyo asanatsegule pakamwa. Tinakhala chomwecho mpaka pa 14 June 1993, pamene anthu anavotera zipani zambiri.

Dr Banda anachita zazikulu, ndipo dzina lake silingachotsedwe pa tsikuli. Koma akulu anati mutu umodzi susenza denga. Amene anachititsa Angerezi mantha anali alimi, aphunzitsi, amayi ogulitsa pamsika ndi antchito a njanji amene anadzaza bwalo lija. Ufulu unabwera ndi mapazi awo, ndipo pamene unatsekeredwa m'manja mwa munthu mmodzi, ana awo ndiwo anaubweza ndi voti. Choncho mtsogoleri aliyense amene mudzamuimbire m'manja, muzimufunsanso mafunso, ndipo musalole kuti kufunsako kudzakhalenso mlandu m'dziko muno.