Komwe ochita mabizinesi ang'onoang'ono angapeze upangiri ndi maphunziro

Ambiri mwa ife kuno kunyanja timadya za geni. Ena amaoda usipa padoko n'kukagulitsa ku Limbe kapena ku Lilongwe, ena ali ndi okala, ena ndi atelala. Tikamva zoti kwabwera bungwe lothandiza mabizinesi, maganizo amathamangira ku ngongole. Koma thandizo lomwe tikukamba pano ndi la nzeru: kuphunzitsidwa ndi kulangizidwa kayendetsedwe ka geni.

Bungwe la boma lomwe ntchito yake ndi imeneyi tinkalidziwa ndi dzina loti SMEDI. Linabadwa boma litaphatikiza mabungwe atatu akale, DEMAT, SEDOM ndi MEDI ya ku Mponela. Limaphunzitsa kulemba ndondomeko ya bizinesi, kusunga kaundula wa ndalama, kuika mitengo ndi kufunafuna misika. Amene ali kutali ndi maofesi ake ayambe wafunsa ku ofesi ya zamalonda kukhonsolo ya boma lawo, monga ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota. Maphunziro otere amafika msanga kwa anthu omwe ali pagulu kusiyana ndi munthu mmodzi.

Pa zonsezi, phunziro la kaundula ndi lomwe timaliona lofunika koposa. Mayi woanika usipa amakumbukira bwino mtengo womwe anagulira padoko, koma amaiwala kuwerengera wonyamula, nkhuni ngati ndi wofutsa, matumba, thiransipoti, chiphaso cha mumsika, chakudya cha paulendo, ndi nsomba zomwe zinaonongeka pathandala mvula itagwa. Akabwerako ndi ndalama zambiri m'chikwama amati wapindula. Kenaka atapamo za ndiwo, za sukulu, za maliro, ndipo ikafika nyengo ya mwera kapena yotseka nyanja amapeza mpamba watha osadziwa kuti unathera pati. Alangizi amaphunzitsa kulemba chilichonse cholowa ndi chotuluka m'kope wamba, kudzipatsa malipiro okhazikika, ndi kusiyanitsa thumba la pakhomo ndi la geni. Izi sizifuna kompyuta. Ngakhale amene sanapite patali ndi sukulu angathe, mwana wa pakhomo akamawalembera madzulo aliwonse.

Za luso la manja zili m'manja mwa TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999 ndipo imayendetsedwa ndi ndalama zomwe olemba anthu ntchito amasonkha. Imayang'anira maphunziro a ukalipentala, utelala, zowotcherera, zamagetsi ndi zina m'sukulu monga Salima Technical College komanso m'makoleji a m'madera. Wachinyamata womaliza kumeneko afunikabe phunziro la kaundula lija, chifukwa kudziwa kukhoma mpando ndi kwina, kudziwa kuutchula mtengo ndi kwinanso.

Asodzi ndi ogulitsa nsomba ali ndi alangizi awo a nthambi ya zausodzi, omwe amagwira ntchito ndi makomiti a m'madoko, a BVC. Ambiri mwa alangiziwa anaphunzira ku Malawi College of Fisheries ku Mpwepwe, m'boma la Mangochi. Afunseni za kuumitsa nsomba m'matenti ogwiritsa ntchito dzuwa ndi za mauvuni osatha nkhuni. Nsomba yopanda mchenga ndi ntchentche imagulidwa bwino.

Wofuna kugulitsa m'masitolo akuluakulu kapena kupikisana nawo pa matenda a boma ayenera kulembetsa dzina la bizinesi, kutenga nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA, ndi kukhala ndi laisensi ya khonsolo. Ngati ndi zakudya zoika m'mapaketi, a Malawi Bureau of Standards amayamba ayendera malo opangira ndi kuyeza katunduyo. Njirayi ndi yolemetsa kwa munthu yekha, n'chifukwa chake alangizi amalimbikitsa makopaletivi, omwe amalembetsedwa ku unduna wa zamalonda.

Tichenjezane pa chinthu chimodzi. Maphunziro ambiri, makamaka a mabungwe obwereketsa ndalama ndi a banki m'khonde, amathera pa fomu ya ngongole ya chiongoladzanja, chomwe ndi riba. Funsani tsiku loyamba ngati kuphunzira kukukakamizani kubwereka. Ngati ayi, phunzirani zonse, ndipo za mpamba mukambirane ndi masheikh anu. Pali njira monga mudharaba, pomwe wina amaika ndalama, wina ntchito, n'kugawana phindu momwe anagwirizanirana pachiyambi. Mgwirizano wotere nawo umayenda pokhapokha kaundula alipo, popeza phindu losalembedwa ndi lomwe limadanitsa abale.

Popita kwa mlangizi tengani chiphaso cha unzika ndi kope lanu, ngakhale litakhala ndi zolemba za mwezi umodzi wokha. Wina akakuuzani kuti mupereke kaye ndalama kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa maphunziro a boma, musapereke musanakatsimikize kukhonsolo.