Mafomu a pa Foni ndi pa Intaneti: Mmene Amamangidwira ndi XML

Masiku ano alangizi ndi anthu ochita kalembera amafika m'midzi atanyamula foni kapena tabuleti m'malo mwa mulu wa mapepala. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa mu 2018 anachitika m'njira imeneyi m'dziko lonse la Malawi. M'dera la Mfumu Yaikulu Maganga, m'boma la Salima, mafunso otere amafikira alimi, asodzi a ku Senga Bay ndiponso amalonda ogula usipa pa doko. Fomu ya pa foni imatsata malamulo amene munthu analemba, ndipo wodziwa malamulowo amateteza dzina lake kuti lisalakwike kapena kusowa m'kaundula.

XML n'chiyani?

XML ndi njira yolembera uthenga kuti munthu ndi kompyuta yomwe athe kuuwerenga. Bungwe la W3C, lomwe limakhazikitsa mfundo zoyendetsera masamba a pa intaneti, linaivomereza mu Febuluwale 1998. Mu XML, yankho lililonse limakhala pakati pa zizindikiro ziwiri, chotsegulira ndi chotsekera, monga momwe wamalonda amalembera pa thumba kuti zam'kati zidziwike. Nsomba zofika pa doko zingalembedwe motere:

<zogwidwa>
<doko>Senga Bay</doko>
<nsomba>usipa</nsomba>
<ndowa>3</ndowa>
</zogwidwa>

Mayina a zizindikirozi amasankha ndi womanga fomu, ndipo akhoza kukhala a Chichewa. Komabe pali malamulo osaphwanyika. Chizindikiro chilichonse chotsegulidwa chiyenera kutsekedwa. Chilembo chachikulu ndi chaching'ono sizitengedwa ngati chimodzi, kotero Doko ndi doko ndi mayina awiri osiyana. Zizindikiro zonse ziyenera kukhala m'kati mwa chizindikiro chimodzi chachikulu. Lamulo limodzi likaphwanyidwa, kompyuta imakana chikalata chonse.

Kuchoka pa XML kufika pa fomu

Mu Okutobala 2003, W3C inavomereza XForms, yomwe ndi ndondomeko yomangira mafomu pogwiritsa ntchito XML, ndipo inaikonzanso mu 2009. Masamba ambiri a pa intaneti anapitiriza kudalira mafomu a HTML, koma XForms inamera mizu m'mapulogalamu otolera uthenga kumidzi. Ena mwa iwo ndi ODK, yomwe inayambira pa University of Washington ku America mu 2008, KoboToolbox ndi CommCare.

Fomu ya mtunduwu ili ndi zigawo zitatu. Choyamba, chotchedwa instance, chili ngati nkhokwe ya zipinda zopanda kanthu zodikira mayankho. Chachiwiri, chotchedwa bind, ndi malamulo a chipinda chilichonse. Chachitatu, chotchedwa body, ndi chimene chimaoneka pa foni: mawu a funso, malo olembamo ndi mayankho oti munthu asankhepo. Popeza zigawozi n'zosiyana, funso limodzi likhoza kuoneka m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chingerezi, koma yankho limakalowa m'chipinda chomwecho. Kwa Maganga, komwe Chichewa ndi Chiyao zimayankhulidwa, izi zimathandiza kuti munthu afunsidwe m'chiyankhulo chimene amachimva bwino.

Chifukwa chimene foni imakanira mayankho ena

Nthawi zambiri foni ikakana kupita pa funso lotsatira, limakhala lamulo la m'gawo la bind likugwira ntchito. Malamulo odziwika kwambiri ndi awa:

1. type amanena mtundu wa yankho, kaya ndi mawu, nambala, tsiku, chithunzi kapena malo a GPS. Pofunika nambala, mawu akuti "zitatu" sangalowe.
2. required amaletsa kudumpha funso lofunika, monga dzina la mudzi.
3. constraint amaika malire, mwachitsanzo kuti tsiku lobadwa lisakhale la m'tsogolo.
4. relevant amabisa funso losamukhudza munthu. Msodzi wa bwato lopalasa safunsidwa za mphamvu ya injini.
5. calculate amawerengera yekha, monga kuchulukitsa ndowa ndi mtengo wa ndowa imodzi.

Lamulo la relevant ndi limene limachititsa kuti anthu awiri a m'mudzi umodzi afunsidwe mafunso osiyana kuchuluka kwake. Pamenepo sipakhala kukondera.

Zoyenera kutsata omanga mafomu

Womanga fomu sakakamizidwa kulemba XML ndi manja. Pali njira ya XLSForm, imene mafunso amalembedwa mu Excel. Tsamba lotchedwa survey limasunga mtundu, dzina ndi mawu a funso lililonse, pamene tsamba la choices limasunga mayankho osankhapo. Pulogalamu ndiyo imasandutsa zonsezi kukhala XML.

Fomu yabwino imagwiritsa ntchito miyeso imene anthu amaidziwa. Usipa umagulitsidwa ndi ndowa, chimanga chimawerengedwa ndi matumba a makilogalamu 50, kotero funso lizinena muyeso momveka, ngakhalenso kukula kwa ndowayo. Mayina a midzi ndi madoko aikidwe pa mndandanda wosankhapo, chifukwa dzina limodzi likalembedwa m'njira zitatu, kompyuta imaliwerenga ngati midzi itatu. Payeneranso kukhala yankho lakuti "zina" kapena "sindikudziwa", kuti munthu asaumirizidwe kunena bodza pofuna kuti fomu ipitirire. Fomu isanatumizidwe kudera lonse, iyesedwe kaye pa anthu ochepa a komweko.

Kumene kulibe netiweki

Mapulogalamu monga ODK Collect amasunga fomu m'foni momwemo. Mlangizi amatha kulemba mayankho m'mphepete mwa nyanja kopanda netiweki, n'kudzawatumiza akafika pamalo pamene ikupezeka. Motero kulembedwa ndi kutumizidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Foni ikatayika kapena kugwera m'madzi mafomu asanatumizidwe, mayankho akhoza kutayika nayo limodzi. N'chifukwa chake ogwira ntchitoyi ayenera kutumiza mafomu mwamsanga.

Zoyenera kudziwa woyankha mafunso

Fomu imayang'ana maonekedwe a yankho, siitha kudziwa ngati yankholo ndi loona. Nambala ya chiphaso cha unzika ikalakwika chilembo chimodzi, foni ikhoza kuilandira, koma mwiniwake sadzapezeka mayina akamafananizidwa ndi kaundula wa National Registration Bureau. Mlimi, msodzi kapena wamalonda aliyense ayenera kuonetsa chiphaso chenicheni m'malo motchula nambala pamtima, ndi kupempha kuti mayankho ake awerengedwenso mokweza fomu isanatsekedwe.

Wofunsidwa ali ndi ufulu wodziwa amene akutolera uthengawo, bungwe limene lamutuma ndi ntchito imene uthengawo ukagwire. Lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, la Data Protection Act la 2024, linapereka udindo woyang'anira nkhanizi ku bungwe la MACRA. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money, TNM Mpamba kapena ya kubanki isaperekedwe kwa aliyense, kaya pa fomu kapena pakamwa. Wokayikira za kalembera wina aliyense afunse kwa nyakwawa ya mudzi wake, kwa mlangizi wa m'deralo kapena ku ofesi ya Khonsolo ya Boma la Salima asanayankhe funso lililonse.