Maulendo a mabanja okaona matauni akale a ku Ulaya

Maulendo a mabanja okaona matauni akale a ku Ulaya ndi maulendo atchuthi omwe makolo amatenga ana awo kukaona matauni omwe adakali ndi malinga, nsanja, matchalitchi ndi timisewu tamiyala ta zaka mazanamazana zapitazo. Ena mwa matauni otchuka pa maulendowa ndi Brugge ku Belgium, Carcassonne ku France, Rothenburg ob der Tauber ku Germany, York ku England ndi Toledo ku Spain. Alendo amachuluka mu July ndi August, masukulu akatsekera, komanso mu December pomwe misika ya Khirisimasi imatsegulidwa. Mwambo wotenga banja lonse pa ulendo wotere ndi wa posachedwapa tikauyerekeza ndi matauniwo. M'zaka za m'ma 1700 ankayenda chonchi ndi anyamata a m'mabanja olemera, makamaka a ku Britain. Anthu wamba adalowamo sitima zapamtunda zitafala: Thomas Cook adakonza ulendo wake woyamba wa gulu mu 1841, kuchoka ku Leicester kupita ku Loughborough, ndipo mu 1855 adayamba kuwolotsa alendo kupita ku Belgium, Germany ndi France. Dziko la France lidakhazikitsa lamulo lopatsa antchito tchuthi cholipidwa cha masabata awiri mu 1936, ndipo ku Germany msewu wa alendo wa Romantische Straße, wochoka ku Würzburg kukafika ku Füssen, udayamba kutsatsidwa mu 1950.

Otsatsa maulendowa amakonda kunena kuti mlendo akaona tauni monga momwe idaliri zaka 600 zapitazo. Mbiri ya matauniwo imanena zina. Ambiri adapulumuka chifukwa chuma chidawathawa, eni ake n'kusowa ndalama zogwetsera nyumba zakale kuti amange zatsopano, ndipo zambiri zomwe alendo amajambula lero zidakonzedwa kapena kumangidwanso m'zaka za m'ma 1800 ndi 1900. Banja lomwe likudziwa izi limapindula ndi ulendo kuposa lomwe langomva za mafumu ndi asilikali ovala zitsulo, chifukwa limaona mbiri ziwiri pa khoma limodzi: ya omanga oyamba, ndi ya anthu omwe adasankha chosunga ndi chogwetsa.

Brugge ikuonetsa bwino momwe umphawi umasungira tauni. M'zaka za m'ma 1300 ndi 1400 idali umodzi mwa misika ikuluikulu ya kumpoto kwa Ulaya, komwe amalonda a ku Italy, a ku Germany ndi a ku England ankakumana pa malonda a ubweya ndi nsalu. Zombo zinkafika kudzera mu khwawa la Zwin. Khwawalo litakwiririka ndi matope ndi mchenga, malonda adasamukira ku Antwerp cha m'ma 1500, ndipo Brugge idatsala ndi ngalande zake ndi nyumba zomwe panalibe wozisintha. Pomwe mizinda ina inkadzaza mafakitale ndi utsi, iyo idali m'gulu la matauni osauka a ku Belgium. Alendo atayamba kubwera m'zaka za m'ma 1800, makamaka Angerezi, akuluakulu a tauniyo adazindikira kuti ukalewo ndi chuma, ndipo nyumba zambiri zidakonzedwa kapena kumangidwa motsanzira kamangidwe kakale. Nsanja ya Belfort, yotalika mamita 83 ndipo ili ndi masitepe 366, ndi yakaledi. Koma nyumba ya Provinciaal Hof, yomwe ili pa bwalo lomwelo la Markt ndipo imaoneka ngati yausinkhu umodzi ndi nsanjayo, idayamba kumangidwa mu 1887. Bungwe la UNESCO lidaika chigawo chakale cha Brugge pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa mu 2000.

Nkhani ya Rothenburg ob der Tauber ndi yozama kuposa apa. Tauniyi, yomwe lero ili ndi anthu pafupifupi 11,000, idapatsidwa ufulu wodzilamulira pansi pa mfumu yaikulu mu 1274, ndipo idalemera mpaka nkhondo ya zaka 30 ya 1618 mpaka 1648 itaifooketsa. Mu 1631 asilikali a mkulu wankhondo Tilly adailanda. Nthano yomwe ana amauzidwa imati meya wakale Georg Nusch adapulumutsa tauniyo pomwa vinyo wopitirira malita atatu kamodzin'kamodzi, atabetcherana ndi Tilly. Zidole za pa wotchi ya pa msika zimasewera nthanoyi tsiku ndi tsiku, koma akatswiri a mbiri saitenga ngati chochitika chenicheni, ndipo sewero lomwe lidaitchukitsa lidayamba mu 1881, nthawi yomwe alendo ankayamba kufika. Ulamuliro wa Nazi udaikonda Rothenburg ngati chitsanzo cha tauni yachijeremani, ndipo mu October 1938 Ayuda otsala adathamangitsidwamo. Pa 31 March 1945 ndege za America zidaponya mabomba omwe adawononga magawo pafupifupi 40 pa 100 alionse a tauni yakaleyo, makamaka chakum'mawa. Nkhondo itatha, nyumba ndi linga zidamangidwanso, zina ndi ndalama za anthu akufuna kwabwino a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo mayina awo adalembedwa pa timiyala tomatidwa m'mbali mwa njira yoyenda pamwamba pa linga. Mwana woyenda pa lingalo akhoza kuwerenga mayinawo yekha. Palibe chomwe chabisidwa, kungoti alendo ambiri amakhala akuthamangira sitolo ya zokongoletsera Khirisimasi ya Käthe Wohlfahrt, osafunsa kuti mayina a anthu a ku Japan ndi ku America akutani pa khoma la m'zaka za m'ma 1300.

Ku Carcassonne, linga lamizere iwiri lotalika pafupifupi makilomita atatu, lokhala ndi nsanja 52, lidatha ntchito pangano la Pyrenees la 1659 litasunthira malire a France ndi Spain kum'mwera. Anthu osauka adamanga timanyumba pakati pa makoma awiriwo, ena n'kumagumula miyala kukamangira. Boma lidafika poganiza zoligwetsa, koma katswiri wa mbiri yakale Jean-Pierre Cros-Mayrevieille ndi mlembi Prosper Mérimée adalimenyera nkhondo. Katswiri wa zomangamanga Eugène Viollet-le-Duc adayamba kulikonza mu 1853, ndipo ntchitoyo idapitirira iye atamwalira mu 1879. Timanyumba ta osauka tidachotsedwa, ndipo nsanja zidafoleredwa ndi madenga osongoka a miyala yotuwa yofala kumpoto kwa France, chonsecho kum'mwera amafolera ndi matailosi ofiira. Ambiri adamudzudzula pa zimenezi. Komabe madenga omwewo ndi omwe lero ali pa zithunzi zonse zoitanira alendo.

Pamenepa wina akhoza kufunsa kuti, ngati zambiri n'zomangidwanso, bwanji osangopita ndi ana ku malo a masewero komwe nyumba zachifumu n'zapulasitiki ndipo palibe wonamizira kuti n'zakale? Funsoli si lopanda pake, ndipo akatswiri eniake adalimbana nalo: chikalata cha Venice cha 1964 chidalangiza kuti kukonza chinyumba chakale kuzilekera pomwe umboni wathera, ndi kuti chowonjezera chatsopano chizidziwika kuti n'chatsopano. Viollet-le-Duc akadalephera mayeso amenewo. Koma nyumba yofoleredwanso udzu watsopano siileka kukhala ya agogo. Mapulani a misewu, maziko, matchalitchi ndi zosemasema zambiri n'zenizeni: guwa la Magazi Oyera lomwe Tilman Riemenschneider adasema kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1500 likadali m'tchalitchi cha St. Jakob ku Rothenburg, ndipo chosema cha Michelangelo cha Mariya ndi Mwana chili m'tchalitchi cha Onze-Lieve-Vrouw ku Brugge. Kuwonjezera apo, kumanganso nakonso ndi mbiri. Chigawo chakale cha Warsaw chidaphwasulidwa pafupifupi chonse mu 1944, n'kumangidwanso mothandizidwa ndi zojambula za Bernardo Bellotto, ndipo UNESCO idachivomereza mu 1980 chifukwa cha kumanganso komweko.

Ena amati ana alibe nazo ntchito zaka ndi mapangano, amangofuna kukwera nsanja ndi kudya zotsekemera. Izi n'zoona kwa mwana wa zaka zinayi, yemwe masitepe 366 a Belfort amutopetsa asanafike pakati, ndipo timiyala ta m'misewu timavutitsa kholo lokankha kangolo ka khanda. Koma mwana wa kupulayimale amatha kufufuza pomwe mwala wakale wathera ndi pomwe watsopano wayambira, ndipo kufufuzako kumamusangalatsa kuposa kuuzidwa kuti zonse n'zakale basi. York ili ndi zitsanzo za mbali zonse ziwiri. Jorvik Viking Centre, yomwe idatsegulidwa mu 1984 pa malo omwe akatswiri adakumba ku Coppergate kuyambira 1976 mpaka 1981, imanena poyera kuti mudzi wa Aviking womwe mlendo akuwona ndi womangidwa potengera zomwe zidafukulidwa, ndipo imaonetsanso zofukulidwazo. Kamtunda kochepa kuchokera apo kuli kamsewu ka Shambles, komwe kale kunali mabutchala, koma lero kuli masitolo a katundu wa Harry Potter ngakhale mafilimuwo sadajambulidwe kumeneko. Kwa mabanja achimalawi okhala ku Britain, York ilinso ndi ubwino woti siifuna viza ina, pomwe wa pasipoti ya Malawi wofuna kuwolokera ku Brugge kapena ku Carcassonne ayenera kupeza viza ya Schengen, yomwe kuyambira mu June 2024 ndi mayuro 90 kwa wamkulu ndi 45 kwa mwana wa zaka 6 mpaka 11.

Chotsutsa cholemera kwambiri n'choti maulendo omwewa akuwononga matauni omwe akuti akuwalemekeza. Hallstatt ku Austria ili ndi anthu osakwana 800, koma imalandira alendo zikwi zingapo pa tsiku limodzi nyengo ikafika pachimake. Mu 2019 Brugge idachepetsa zombo za alendo zoima pa doko la Zeebrugge kufika pa ziwiri nthawi imodzi, ndipo mu 2024 Venice idayamba kulipiritsa mayuro 5 kwa obwera n'kubwerera tsiku lomwelo pa masiku ena otanganidwa. M'kati mwa linga la Carcassonne okhalamo enieni atsala ochepa kwambiri, nyumba zambiri ndi malesitilanti ndi masitolo a malupanga apulasitiki. Vutoli silingakanidwe, ndipo kudziwa mbiri pakokha sikulithetsa. Chofunika kuona n'choti malamulowa alunjika pa mlendo wothamanga, wotsika basi kapena chombo, kujambula n'kuchoka. Banja logona m'tauni usiku umodzi kapena iwiri limasiya ndalama kwa eni malo ogona ndi ophika buledi, limayenda m'mawa ndi madzulo misewu ili pululu, ndipo limapeza mpata wowoloka mtsinje wa Aude kukaona Bastide Saint-Louis, tauni ya kumunsi yomwe idakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1200, komwe anthu a ku Carcassonne amagula ndi kugulitsa pa msika wawo. Kwa banja la ana, matauni awiri pa sabata imodzi ndi ulendo wabwino kuposa matauni asanu ndi awiri.