Za Alendo Awiri ndi Nthaka ya ku Mapiri a Shire

Pa masiku a chikondwerero chotere nkoyenera kuti tikumbukenso za nthaka imene tikhalapo, ndi umo inayendera m'manja mwa anthu. Ana ambiri amva mau akuti "thangata" pakamwa pa agogo ao, koma chiyambi chake sachidziwa. Tsono tiyeni tiilongosole nkhaniyi bwino, kuti akulu ndi aphunzitsi akhale nacho choyankha pofunsidwa.

Kale lomwe munthu akafuna malo ankapita kwa mfumu, ndipo mfumu inkamlozera pomanga ndi polima. Koma nthaka siinali malonda ai, pakuti inali ya mudzi wonse ndi ya ana osabadwa. David Livingstone atafika ku Nyanja m'chaka cha 1859, mbiri ya dziko lino inamveka ku Ulaya. Mishoni ya Blantyre inakhazikika mu 1876, ndipo mu 1878 kunayamba kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala. Panaukanso olima khofi, monga John Buchanan ndi abale ake ku Zomba, ndi Eugene Sharrer. Iwowa anapatsa mafumu nsalu, mikanda ndi zina zotere. Mafumu anayesa kuti alandira mphatso ya mlendo wopempha pokhala, koma alendowo anati agula dziko.

Mu 1891 dziko linalowa m'manja mwa Angerezi, ndipo Harry Johnston ndiye anali woyang'anira woyamba. Iye anafufuza malonda aja, napatsa eni ake makalata otchedwa Certificate of Claim. Malo onse olembedwa m'makalatamo anaposa maekala 3,500,000. Chigawo chachikulu chinali kumpoto, cha kampani ya British South Africa. Koma kumene anthu anamva kuwawa ndi ku mapiri a Shire, pakuti kumeneko nthaka yokoma yambiri inapita kwa Azungu owerengeka. M'makalata ambiri munali pangano lakuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasunthidwe. Pangano limenelo linali lokoma pomva, koma linaiwala kuti makolo athu nthaka ikaguga ankatsegula mphanje pena. Potero munthu akangosuntha munda wake, mwini esiteti ankati pangano latha.

Ameneyo ndiye mlendo woyamba, wofika ndi kalata. Wachiwiri anafika ndi mtolo pamutu. Zaka za m'ma 1890 zili nkutha, Alomwe anayamba kuoloka malire kuchokera ku dziko la Apwitikizi, kuthawa ntchito yokakamiza ndi ukali wa olamulira. Boma silinawatsekere njira, chifukwa eni maesiteti anasowa manja, ndipo nyumba iliyonse yatsopano inaonjeza msonkho. Anakhala ku Mulanje, ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi ku Zomba. Khofi atalephera, iwowa ndiwo ambiri analima thonje, fodya ndi tiyi. Koma popeza anafika makalata atalembedwa kale, pangano lija silinawateteze konse.

Apa ndipo mau a thangata anasandulika. Kwa makolo athu kuthangata kunali kuthandizana, monga anthu akamalimira mfumu kapena mnansi modzipereka okha. Pa esiteti thangata inakhala ntchito yolipirira malo okhalapo. Munthu ankagwira mwezi wa lendi, nagwiranso mwezi wina wa msonkho, pakuti boma linkachepetsa msonkho kwa amene wagwira ntchito kwa Mzungu. Miyezi imeneyi inkagwa nthawi ya dzinja, pamene munda wa mwini wake ukufuna khasu, ndipo pena kapitao akakana kulemba tikiti mwezi unkatalika. Wokana ankachotsedwa pamalo.

Kuwawa kumeneku kunakula pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene woyang'anira, William Jervis Livingstone, anatenthanso nyumba zopempherera za anthu a John Chilembwe, wa mishoni ya Providence ku Mbombwe. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu a Chilembwe anaukira, napha Livingstone ndi Azungu ena awiri. Boma linabwezera ndi dzanja lolemera. Chilembwe anaphedwa, ndi ena ambiri ananyongedwa kapena kuomberedwa. Koma thangata siinathe.

Tisaiwale Amwenye. Ena anali asilikali amene Johnston anatenga ku India, ndipo ena anali ogulitsa m'masitolo ndi antchito a njanji. Pa kalembera wa 1945 Azungu sanafike 2,000, Amwenye sanafike 3,000, koma Alomwe anali pafupi 380,000. Onani tsono: ochepawo ndiwo anali ndi makalata a malo, ndipo unyinjiwo unali wobwereka pogona. Ngakhale dzina lao linali lonyozeka, pakuti ankatchedwa Anguru, kufikira Lewis Bandawe ndi anzake anayambitsa bungwe la Alomwe mu 1943, napempha boma kuti dzinalo lileke.

Malamulo anasintha pang'onopang'ono. La 1928 linalola munthu kulipira lendi ndi ndalama, ndi ntchito, kapena ndi kugulitsa mbeu zake kwa mwini malo. Koma linalolanso kuchotsa anthu ena pakutha pa zaka zisanu zilizonse. Mu 1946 Sir Sidney Abrahams anafufuza za malo, nalangiza boma kuti ligule nthaka yogona ya m'maesiteti ndi kukhazikapo anthu. Boma linayamba kugula, koma mochedwa, kotero kuti mu 1953 ku Thyolo kunabuka chipolowe. Thangata inathetsedwa mu 1962, ndipo ufulu unadza mu 1964.

Akulu anati mlendo ndi mame. Azungu ambiri olima anachokadi, ngakhale minda ya tiyi ikalipo, ndi malo akali ochepa kwa anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje. Koma Alomwe sanakamuke ai: anakwatirana ndi Amang'anja ndi Ayao, ndipo zidzukulu zao ndi eni dziko monga ife tonse. Chifukwa chake, abale, mwana akafunsa kuti munda wa agogo ake unachepa bwanji, musamuuze kuti agogowo anali aulesi. Muuzeni za makalata aja, ndi za miyezi ya dzinja imene analimira munthu wina.